Kodi pali mankhwala amodzi ogonjetsa kachilombo ndi khansa yomwe?

Mlimi wa ku Katete:
Malume anga anatuluka mawanga akuda m'miyendo ndi m'kamwa, mapazi n'kutupa mpaka nsapato kukana kulowa. Kuchipatala anati ndi khansa ya Kaposi, imene imabwera chitetezo cha m'thupi chikatsika, ndipo ngakhale ayamba kumwa ma ARV, awatumizanso ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Popeza akuti khansayi imayamba ndi kachilombo, n'chifukwa chiyani akatswiri sanapange mankhwala amodzi othana ndi zonse ziwiri?

Namwino wa ku Chipata:
Pepani ndi matendawa, bambo. Tizilombo pamenepa tilipo tiwiri. HIV imagwetsa chitetezo, koma kamene kamayambitsa Kaposi ndi kena, kotchedwa HHV-8, kamene Yuan Chang ndi Patrick Moore anakatulukira mu 1994. Mankhwala monga ganciclovir amakagwira pamene kakuswana, koma m'maselo ambiri a chotupacho kamangobisala phee osaswana, motero mankhwalawo amasowa pogwira. Apa ndiye pagona vuto lonse. Mawanga akakhala ochepa nthawi zina amazilala ndi ma ARV okha chitetezo chikabwerera, koma mapazi akafika potupa chotero pamafunikanso mankhwala a khansa monga paclitaxel. Chonde malume asadumphitse ma ARV ngakhale tsiku limodzi.

Mphunzitsi wopuma wa ku Petauke:
Bambo a ku Katete, maganizo anuwo si achabe ayi. AZT anapangidwa mu 1964 kuti akhale mankhwala a khansa, sanaphule kanthu, ndipo mu 1987 ndi pamene anavomerezedwa kuti azilimbana ndi HIV. Masiku ano ofufuza akubwerera njira yomweyo chammbuyo: ayesa mankhwala a HIV pa khansa, monga nelfinavir pa zotupa zosiyanasiyana, ndiponso lopinavir pa zilonda za pakhomo la chiberekero zisanasanduke khansa. Zimenezi zikadali pa kafukufuku, choncho wina asakunamizeni kuti akugulitsa mankhwala oterowo.

Mayi wa ku Chadiza:
Ine nkhawa yanga ili pa ife amayi, pakuti bungwe la WHO limati mayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chochuluka kasanu ndi kamodzi cha khansa ya khomo la chiberekero, imene imayamba ndi kachilombo ka HPV. Ine ndinakapimitsa, anandipaka viniga pakhomo la chiberekero kuti aone ngati pali zilonda, ndipo sizinatenge nthawi. Mwana wanga wamkazi analandira katemera wa HPV kusukulu. Bambo a ku Katete, muwauzenso akazi a malume anu kuti akapimitse.