Supu ya maungu ija yatheka tsopano

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chake supu yanga ya maungu imatuluka yamadzimadzi, yozizira m'kamwa ngati phala la wodwala. Ambiri munati vuto ndi dzungu lenilenilo, ndipo simunaname. Ndinkagula maungu anthete.

Loweruka ndinapita ku msika wa Kapata. Amayi ena ogulitsa anandiuza kuti, "Mwanangu, kanikizani chikhadabo pakhungu lake. Chikalowa, lisiyeni." Ndinasankha lokhwima, la phesi louma gwa.

Kunyumba ndinalidula pakati, kuchotsa nthanga, n'kuliika pambaula makala atatsala pang'ono kuzilala, mpaka m'mbali mutayamba kuda. Kuwotchako kumachepetsa madzi, kutsekemera kwake n'kumamveka bwino. Kenako ndinakazinga anyezi ndi adyo, ndinaikamo dzungulo ndi madzi makapu 2 okha. Makina ogayira ndilibe, ndinangophwanya ndi mthiko n'kusefa. Chimene chinaikometsa kwambiri ndi nsinjiro, masupuni 3, ngakhale ndinaziika moto uli wambiri ndipo pansi pa poto panapserera pang'ono.

Bambo a kunyumba anamwa mbale yonse, n'kufunsa kuti nsima ibwera nthawi yanji. Nthanga ndinakazinga ndi mchere, ana atha kale.