Calculator ikundipatsa manambala ambirimbiri, ndilembe angati?

Wofunsa: Akuluakulu a pagulu pano, makamaka aphunzitsi a Chemistry, ndithandizeni. Timayeza density ya kamwala, kutanthauza kulemera kwake pa cm³ iliyonse. Pa sikelo kanalemera magalamu 12.5. Titakamiza mu measuring cylinder, madzi anakwera kuchoka pa 20.0 kufika pa 24.2 cm³, ndiye kuti volume yake ndi 4.2 cm³. Nditagawa 12.5 ndi 4.2, calculator inandipatsa 2.976190476, ine n'kukopera momwemo. Aphunzitsi adula, n'kulemba 3.0 g/cm³. Zikundizunguza mutu, chifukwa yangayo ikuoneka yolondola kuposa yawoyo. Nanga ziro wa pa 3.0 ntchito yake n'chiyani? Bwanji osangolemba 3?

Woyankha woyamba: Aphunzitsi anu sanalakwitse. Calculator siidziwa chomwe munayezera, imangogawa basi. Cylinder yanuyo ikuyeza mpaka 0.1 cm³, ndipo nambala yomalizayo mumachita kuyerekeza ndi diso. Mwina volume yeniyeni inali 4.1 kapena 4.3. Tayesani kugawa 12.5 ndi zimenezi, mupeza 3.05 ndi 2.91. Ndiye manambala asanu ndi anayi aja atatha dontho mwawatenga kuti? Pochulukitsa kapena pogawa, yankho limatsatira muyeso womwe uli ndi significant figures (manambala odalirika amene muyesowo ukupereka) zochepa. 12.5 ili ndi zitatu, 4.2 ili ndi ziwiri, choncho yankho likhale ndi ziwiri.

Ziro uja musamuchotse. Mukalemba 3 yekha mukunena kuti chinthucho chili penapake pakati pa 2.5 ndi 3.5. Mukalemba 3.0 mukusonyeza kuti munayeza mosamala kuposa pamenepo.

Woyankha wachiwiri: Kungowonjezerapo, achimwene, pophatikiza ndi pochotsera lamulo limasintha, timayang'ana manambala a pambuyo pa dontho. N'chifukwa chake 24.2 kuchotsapo 20.0 yatsala 4.2, kuchoka pa significant figures zitatu kufika pa ziwiri. Ambiri amagwa pomwepa pa mayeso. Komanso musamadule manambala pakatikati pa samu, dulani kumapeto.

Woyankha wachitatu: Ine funso langa ndi la 24.2 yomweyo. Munawerenga diso lili pati? Madzi amapindika m'galasi, ndiye timawerama diso lilingane ndi madziwo, n'kuwerenga potsikitsitsa pa kupindikako, komwe timati meniscus. Mercury amatukuka pakati, iyeyo timawerengera pamwamba.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Ndiye kamwala kakanakhala kokulirapo, mwina 14.2 cm³, ndikanalemba significant figures zitatu?

Woyankha woyamba: Eya, malinga kulemera kwake nakonso kukhale ndi zitatu kapena kuposerapo. Ndipo cylinder ikhale yoti mwalawo umira wonse, popanda thovu lomatirira.