Mafilimu akale a ku Britain momwe munthu wamba amagwira zigawenga: ndithandizeni dzina ndi chifukwa chake

Nangozo:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa mafilimu akale a ku Britain. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, ndipo masana agogo athu amakonda kuonera Talking Pictures TV, imene imaonetsa mafilimu a makedzana. Sabata yatha tidaonera ina momwe mkulu wa siteshoni ya sitima ndi anzake awiri, wina nkhalamba ya magweru ndipo wina mnyamata wonenepa, adagwira anthu ozembetsa mfuti. Agogo ena adaseka mpaka misozi, koma dzina la filimuyo lidandipita chifukwa idayamba ndili kukhitchini. Kodi alipo angandiuze dzina lake? Komanso n'chifukwa chiyani m'mafilimu oterewa amene amatulukira chiwembu amakhala munthu wosokonekera, osati wapolisi wophunzira ntchito yofufuza milandu?

Chimtengo:

Mayi Nangozo, filimu imene mudaonerayo ndi Oh, Mr Porter! ya mu 1937, yotsogoleredwa ndi Marcel Varnel. Mkulu wa siteshoniyo ndi Will Hay, nkhalambayo ndi Moore Marriott, ndipo mnyamatayo ndi Graham Moffatt. Chodabwitsa n'chakuti Marriott adabadwa mu 1885, zaka 3 zokha Hay asanabadwe, kotero ukalamba wonse uja udali wochita kupanga.

Mukaonetsetsa mupeza kuti nkhaniyo yamangidwa pa mantha a mizukwa. Anthu a ku Buggleskelly, mudzi wongopeka wa ku Northern Ireland, satuluka usiku poopa mzukwa wa mwini chigayo, pamene zoona zake n'zakuti ozembetsa mfuti ndiwo amapindula ndi manthawo. Atatu aja sadanyamuke n'cholinga chofufuza mlandu, koma ankafunafuna sitima imene idawasowa pofuna kupulumutsa ntchito yawo, mpaka adapezeka akulendewera pa mapiko a chigayo choyendera mphepo. Njira yomweyi idabwerezedwa mu Ask a Policeman ya mu 1939, momwe mzukwa wake ndi wokwera pa ngolo ya akavalo wopanda mutu, ndiponso mu The Ghost of St. Michael's ya mu 1941, momwe sukulu idasamutsidwira ku chilumba cha Skye pothawa nkhondo ndipo obisala kuseri kwa mzukwa adali akazitape a Germany. Ine ndimaona kuti ya mu 1937 ndiyo idapsa bwino kuposa zinzakezo.

Mphunzitsi Wopuma:

Bambo Chimtengo ayankha bwino funso loyamba, choncho ine ndiyese lachiwiri. Sindikuvomereza kwenikweni kuti Will Hay ankasewera munthu wamba. Nthawi zambiri amakhala munthu waudindo, kaya mphunzitsi, kaya sajeni wa polisi, kaya loya, amene sadziwa ntchito yake koma amayesetsa kubisa umbuli wakewo ndi mawu akuluakulu komanso magalasi otsetserekera pamphuno. Khalidweli adalikulitsa m'nyumba za zisudzo kwa zaka zambiri asanalowe m'mafilimu, akusewera mphunzitsi amene ana ake a sukulu amamuposa nzeru. Monga munthu amene ndidagwira choko moyo wanga wonse, ndivomereze kuti zina mwa izo zimandilasa.

Ambiri mwa oonera a nthawiyo adali anthu ogwira ntchito m'malo monga m'mafakitale ndi m'migodi, amene tsiku lililonse ankalamulidwa ndi akapitawo, ndiye chimene ankaseka ndi udindo womwewo ukuvulidwa ulemu. Mu Ask a Policeman apolisi atatu akhala zaka 10 osamanga munthu, ndipo atamva kuti achotsedwa ntchito amayamba kupeka milandu, kenako n'kugwera m'chiwembu chenicheni mosayembekezera. Kugwa, kugundana ndi kuthamangitsana kumabwera kumapeto ngati malipiro a woonera, monga basi ija imene idalowa m'bwalo la mpikisano wa magalimoto la Brooklands, kapena m'filimu yomaliza ya Hay, My Learned Friend ya mu 1943, momwe amalendewera pa mivi ya wotchi ya Big Ben. Hay mwiniwakeyo sadali mbuli ngakhale pang'ono, pakuti ankafufuza zakuthambo ndipo mu 1933 adaona banga loyera pa pulaneti ya Saturn.

Naphiri wa ku Luton:

Ndikuona kuti abambo awiriwa akhazikika pa Will Hay yekha, pamene a Nangozo afunsa za ofufuza milandu osaphunzira ntchitoyo. Ngati ndi choncho, Margaret Rutherford sangasiyidwe. Adasewera Miss Marple, gogo wokonda kufufuza milandu ngakhale si wapolisi, m'mafilimu 4 pakati pa 1961 ndi 1964, kuyambira ndi Murder, She Said, momwe amaona mayi akupotoledwa khosi m'sitima yodutsa, apolisi n'kumukayikira kuti adalota, iye n'kukalembedwa ntchito ya m'nyumba ya banja limene ankalikayikira. Pa nthawiyo n'kuti ali ndi zaka pafupifupi 70, komabe mu Murder Ahoy! adamenyana ndi chigawenga pogwiritsa ntchito lupanga. Amene ankasewera mnzake womuthandiza, Stringer Davis, adali mwamuna wake weniweni.

Apa mfundo ya aphunzitsi siikugwira bwino, chifukwa Miss Marple si chitsiru, ndipo wosekedwa ndi wapolisi amene amanyoza gogo wanzeru kumuposa. Kwa agogo anu a ku Leeds, makamaka amayi, ndikukhulupirira kuti awa ndiwo angawakomere kwambiri.

Chimtengo:

Mayi Naphiri anena zoona, ngakhale kuti mafilimu a Rutherford amasekesa ndi mawu ndi nkhope kuposa kugwa ndi kugubuduka. Ngati agogowo adaseka mapiko a chigayo, ayeseni On the Beat ya mu 1962, momwe Norman Wisdom amatsuka magalimoto ku Scotland Yard, likulu la apolisi a ku London, atakanidwa upolisi chifukwa cha kufupika, kenako n'kutumidwa kukanamizira kukhala mkulu wa zigawenga wa ku Italy amene amafanana naye nkhope.

Nangozo:

Zikomo kwambiri nonse. Ndawauza agogo aja dzina la filimu, ndipo mmodzi wa iwo wakumbukira kuti injini ya sitimayo inkatchedwa Gladstone. Loweruka lino tiyamba ndi ya Rutherford chifukwa amayi ndiwo ambiri m'chipinda chochezeramo.