Chizungulire chija chatha

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za chizungulire chomwe chinkandigwira ndikangotembenuka pabedi kapena kuwerama kuti ndinyamule ndowa. Ena munati ndi BP, ena munati magazi achepa. Ndinatsatira mawu a mayi amene anati ndipite kuchipatala ndisanamwe mankhwala alionse.

BP inali bwinobwino. Adokotala anandigoneka chagada mutu utapendekera kumanja, denga n'kuyamba kuzungulira, iwo akuyang'anitsitsa maso anga. Anati ndi BPPV: timiyala ta kashiamu ta m'kati mwa khutu tachoka pamalo pake. Anandithandiza ndi njira yotchedwa Epley, yomwe ndi kunditembenuza mutu pang'onopang'ono kuti timiyalato tibwerere pamalo pake, kawiri konse. Dzulo ndinasesa pabwalo osagwirira khoma!

Koma chizungulire chikabwera pamodzi ndi kukamwa kupindika, lilime kulemera kapena mkono kufooka, thamangirani kuchipatala pompopompo, ikhoza kukhala sitiroko.