Kodi minofu ingakule munthu akudya mochepetsa?

Chitsulo94:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimalemera makilogalamu 90, ndayamba kumene kunyamula zitsulo, ndipo ndikufuna chimimba chiphwe koma minofu ikule. Ku jimu akuti ziwirizi siziyendera limodzi, ndiyambe ndadya kwambiri kenako ndidzachepetse. Zoona n'ziti? Nanga ndidye bwanji ndi nsima yathu yomweyi?

Kochi_wa_mmawa:
N'zotheka achimwene, makamaka kwa inu amene mwangoyamba kumene ndipo mafuta muli nawo. Mphamvu yomangira minofu thupi limaitapa m'mafuta osungidwawo. Malangizo munamvawo ndi a anthu oti anyamula zitsulo zaka zambiri ndipo mafuta anatha kale.

Chimaononga zinthu ndi kudzimana mopitirira. Chotsani makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) 300 mpaka 500 pa zimene mumadya patsiku, basi. Pa sikelo muziona mukutsika pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata. Mukafika pa kilogalamu ndi theka sabata iliyonse, dziwani kuti minofu nayo ikupita. Muzipima m'mawa mutachoka ku chimbudzi, musanadye, katatu pa sabata, n'kutenga avereji, chifukwa ndiwo zamchere wambiri zokha zimakweza sikelo tsiku lotsatira. Muziyezanso mimba ndi tepi, podutsa pamchombo.

Mapuloteni akhale magalamu 1.6 mpaka 2.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kwa inu pafupifupi 150 patsiku. Kafukufuku wa ku McMaster University ku Canada, wa mu 2016, anadula chakudya cha anyamata ndi 40 peresenti kwa masabata anayi. Odya magalamu 2.4 pa kilogalamu anataya mafuta okwana makilogalamu 4.8, gawo la thupi lopanda mafuta n'kukwera ndi makilogalamu 1.2, pamene odya theka la mlingowo pafupifupi sanawonjezere kanthu. Kudula kotereku musatengere, kunali kwa mwezi umodzi ndipo ankawayang'anira.

MayiWaKhitchini:
Magalamu 150 amaoneka ambiri, koma pamsika pomwepa amakwana popanda ufa wa mapuloteni wam'zitini. Mazira atatu m'mawa ndi magalamu 18. Chambiko kapena mkaka theka la lita, 16. Usipa wouma wa magalamu 50 umapereka pafupifupi 30, soya pieces wosaviika wolemera chimodzimodzi 25, kapu ya nyemba zophika 15, nyama ya nkhuku yopanda khungu ya magalamu 150 pafupifupi 40. Mwayandikira kale. Muzigawa katatu kapena kanayi patsiku, osaunjika zonse madzulo.

Nsima musaisiye, ndi imene imakupatsani mphamvu pa squat (kunjuta ndi kudzuka mutasenza chitsulo). Ngati mumadya mitanda itatu, bwerani pa iwiri, malo otsalawo mudzaze ndi mpiru kapena chisoso. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera. Koma ambiri amalimbana ndi nsima pamene wakuba ali m'botolo la mafuta ophikira. Supuni yaikulu imodzi ndi makalori 120, ndipo wophika akamathira ndi maso, masupuni atatu amalowa mu soya pieces osadziwa. Zonse mwachepetsa pa nsima zabwerera pomwepo. Mtedza nawo umanamiza: magalamu 100 ali ndi mapuloteni 25 koma makalori oposa 550, ndiye nsinjiro ndi chiponde muzichita kuyeza. Tchipisi cha pachiwaya, mandasi, thobwa lashuga ndi mowa wa Loweruka, izo mukuzidziwa nokha.

Bawo_ndi_Bench:
Ndionjezere za zitsulo, pakuti apa m'pamene anthu amasochera. Akangoyamba kuchepetsa thupi amatsitsa zitsulo, n'kumanyamula zopepuka maulendo 30 osatopa n'komwe, ati kuwotcha mafuta. Thupi likaona kuti katundu wolemera kulibe, silionanso chifukwa chosungira minofu.

Masiku atatu pa sabata, thupi lonse tsiku lililonse: squat, bench press (kukankha chitsulo mutagona chagada pa benchi) kapena ma push-up olemetsedwa, row (kukokera chitsulo kumimba mutawerama), deadlift (kunyamula chitsulo kuchokera pansi mpaka mutaima mowongoka), ndi kukankhira chitsulo pamwamba pa mutu. Ma set (magawo onyamula osapuma) atatu, maulendo 6 mpaka 12 pa set iliyonse, ndipo muziima mukumva kuti mwatsala ndi mphamvu ya maulendo awiri okha. Pumani mphindi ziwiri kapena zitatu pakati. Mukakwanitsa 12 pa ma set onse, onjezani makilogalamu 2.5, n'kulemba m'kope. Ngati mumanyamula zoumba ndi simenti m'zitini, zipimeni kaye pa sikelo ya chimanga, chifukwa nthawi zambiri mbali imodzi imalemera kuposa inzake ndipo phewa ndi limene limavutika.

Tulo musatipeputse. Ku University of Chicago mu 2010 anapeza kuti anthu odya mochepetsa akamagona maola 5.5 m'malo mwa 8.5, mafuta otayika amachepa ndi theka n'kupitirira.

Chitsulo94:
Zikomo nonse. Nanga sikelo ikangoima osatsika?

Kochi_wa_mmawa:
Yang'anani tepi ndi kope. Mimba ikamaphwa, zitsulo zikukwera, musasinthe chilichonse. Ngati mwayamba kumwa creatine (ufa wothandiza minofu kupeza mphamvu), magalamu 3 mpaka 5 patsiku, sikelo itha kukwera ndi kilogalamu imodzi, amenewo ndi madzi m'minofu. Zonse zikaima masabata atatu, chotsani makalori ena 150 kapena onjezani kuyenda pansi kwa mphindi 30 patsiku. Koma mphamvu zikamatsika masabata awiri otsatizana, mwadula kwambiri, bwezeraniko mtanda umodzi pa masiku onyamula. Ngati muli ndi shuga, BP kapena vuto la impso, kaonaneni kaye ndi achipatala musanakweze mapuloteni.