Chainsaw ya 5800 yakana kulira, mwini mitengo akungondiimbira

Wocheka wa ku Dedza:
Akuluakulu thandizeni msanga. Chainsaw yanga ya 5800, makina ochekera mitengo a ku China, yakana kulira. Dzulo masana ndikudula bulugamu wa kasitomala inayamba kukwera yokha, ndikasiya thirotolo osatsika, kenako inazimira pakati pa chipika. Kuchokera pamenepo zii. Pulagi ndaika yatsopano, moto ulipo ndauona ndi maso angawa. Air filter ndatsuka. Petulo ndi wa m'chigubu poti pa filling station panalibe. Pa choke imangoti "pu" basi, ndikachotsa choke palibe. Phewa latha ndi kukoka. Munthu akufuna matabwa ake Loweruka ndipo theka la ndalama ndinadya kale. Nditani?

Madala a ku Mzimba:
Koyilo imeneyo mwana wanga, kachipangizo kopereka moto ku pulagi. Makoyilo a makina a ku China akatentha amafa. Gula ina, usataye nthawi.

Mekaniki wa ku Limbe:
Achimwene, pulagi ikutuluka yonyowa kapena youma? Yambani mwayankha chimenecho. Ngati ili yonyowa ndiye mwaimwetsa mafuta ndi choke wanuyo. Ikati "pu" kamodzi choke amachotsa pompo, osapitiriza kukoka. Masulani pulagi, zimitsani switch, tembenuzani mashini, kokani chingwe kangapo mafuta atuluke, bwezerani pulagi yopukuta ndipo mulize popanda choke.

Koma chandidetsa nkhawa si chimenecho. Mwati inkakwera yokha isanazime. Injini ya 2-stroke ikamatero ndiye kuti mpweya wachuluka, mafuta achepa. Mwina ikuba mpweya penapake: payipi ya mafuta yang'ambika, kapena labala wa pakati pa kabureta ndi silinda, kapena ma oil seal a kirankishafiti. Ndipo poti oyilo amalowa limodzi ndi petulo, mafuta akachepa pisitoni imayenda youma. Musakokenso. Masulani ekizozi, ndi mabawuti ochepa chabe, muunike ndi tochi ya foni pabowopo uku mukukoka chingwe pang'onopang'ono. Mukaona mizere yotsika pa pisitoni, kapena ring yamatirira mu mzere wake, nkhani yatha pamenepo.

Wocheka wa ku Dedza:
Yonyowa pang'ono. Ekizozi sindinamasule, sipanala ili kunyumba ine ndili kumunda.

Madala a ku Mzimba:
Moto woona panja si moto. Pulagi ikhoza kuthetheka bwinobwino pamphepo koma mkati mwa kompuleshoni n'kukana. Ndagwira chainsaw ya Husqvarna 61 inu musanayambe sukulu. Koyilo.

Mekaniki wa ku Limbe:
Madala zoti moto wa panja umanamiza ndi zoona, sindikutsutsa. Koma koyilo yofa ndi kutentha imadzukanso mashini akazizira, awa agona usiku wonse. Komanso koyilo siikweza injini yokha.

Achimwene ngati sipanala palibe, inyamuleni ndi chogwirira chingwe chokha. Ikamatsika modukizadukiza, kugwira n'kusiya, kompuleshoni ilipo. Ikangoti wee mpaka pansi, mwaona nokha.

Nyakwawa wa Viphya:
Zandikumbutsa ku Chikangawa nthawi imene ocheka tinali ambiri m'paini muja. Mnyamata wathu wina mashini atayamba kufooka anatenga sikuludiraiva n'kumanga screw ya H, yochepetsa kapena kuonjezera mafuta pa kabureta, kuti izilira mokoma. Inaliradi mokoma, anthu mpaka kubwera kudzaonera. Dzuwa lisanapendeke inaima gwa, chingwe osakokeka. Titatsegula, mbali ya ku ekizozi ya pisitoni inali itasungunuka n'kupaka m'silinda, aluminiyamu ngati phala louma m'mbale. Bwana anamudula malipiro mpaka mvula inagwa. Ma screw a pa kabureta a H ndi L musamawagwire ngati khutu lanu silinazolowere, chonde.

Mai a Sawmill:
Palibe wafunsa za kasakanizidwe. Munathira oyilo wanji, wochuluka bwanji? Chainsaw ya Stihl ndi oyilo wake ndi 50:1, ndiye kuti 100 ml mu malita 5. Makina ambiri a ku Chinawa pabuku pake amalemba 25:1, 200 ml mu malita 5. Anyamata amangothira ndi chivundikiro cha botolo mongoyerekeza, ena mpaka SAE 40 wa galimoto. Ine antchito anga sasakaniza okha, ndimasakaniza ndine.

Petulo wa mavenda ndiye musandiuze. Ena amawonjezera parafini, ena chigubu chake chinali cha madzi. Khuthulani thanki yonse m'botolo loyera, muliike pansi kanthawi. Madzi amakhala pansi, mudzaona mzere. Tulutsaninso fyuluta ya m'thanki ndi kawaya kopinda, utuchi umadzaza mmenemo.

Wa ku Mangochi:
Kuno ambiri amathira oyilo wa maboti, wa TC-W3 uja, poti ndi amene ali paliponse kunyanja. Injini ya boti imazizira ndi madzi, chainsaw imazizira ndi mphepo ndipo imatentha kwambiri. Musatengere ife.

Madala a ku Mzimba:
Inu mukumuzunguza mwanayu. Ayang'ane mpata wa koyilo ndi flywheel, ukhale wongolowa kapepala kolimba. Kawaya ka switch nako kakasupuka n'kukhudza bodi moto umathawa. Zonsezo ndi za koyilo zomwe ndikunenazi.

Mekaniki wa ku Limbe:
Kawaya ka switch ayang'anedi, sikalira ndalama. Powonjezera pa zimene anena Mai, petulo wathu wa pampu amasakaniza ndi ethanol wa ku nzimbe, wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo mafuta akagonera nthawi yaitali m'kabureta diaphragm, kalabala kopyapyala ka mmenemo, imauma gwa. Zambiri zimene zimabwera pabenchi langa mvula ikatha vuto lake ndi limenelo. Ukaigwira diaphragm yabwino imakhala yofewa, yakufa imachita phokoso ukaipinda.

Chinanso, poyesa moto musagunditse pulagi pafupi ndi bowo lake mutangotulutsa mafuta. Wina kuno nsidze zinapsa.

Nyakwawa wa Viphya:
Ndiponso mtima ukakwiya anthu amailiza moiponya m'mwamba, dzanja limodzi chingwe lina mashini. Ikani pansi, phazi m'chogwirira chakumbuyo, chain brake mwamanga. Ikadzuka mwadzidzidzi tcheni sichisankha bondo la mwini wake. Chipatala n'kutali ukakhala m'nkhalango.

Mai a Sawmill:
Ndipo ngati pisitoni yapitadi, musangogula silinda kiti n'kumanga osapeza pamene mpweya ukulowera. Yatsopanoyo idzapsanso chimodzimodzi. Loweruka lanulo bwerekani mashini kwa mnzanu, mugawane.

Wa ku Mangochi:
Poti tili pomwepa, ndani akudziwa komwe ndingapeze bar (chitsulo choyendapo tcheni) ya mainchesi 25 ya Stihl MS 382 yosakhala yachinyengo? Ndinagulayo njanji zake zatseguka kale, tcheni chikungogwera mbali.

Madala a ku Mzimba:
Bar umatembenuza nthawi iliyonse ukanola tcheni, siingatseguke msanga. Wa ku Dedza uja wasintha koyilo?