Kodi Georgetown Prep ndi seminale, pulayimale kapena sekondale?

Wokonda Mbiri:
Ndimawerenga za majaji a khoti lalikulu la dziko la America, ndipo ndadabwa kuona kuti awiri mwa iwo, a Neil Gorsuch ndi a Brett Kavanaugh, anaphunzira pa sukulu imodzi ya anyamata okhaokha yotchedwa Georgetown Preparatory School, yomwe ndi ya Mpingo wa Katolika. Chimene chandisokoneza ndi dzinali. Kodi anyamatawa amawakonzekeretsa chiyani, unsembe kapena maphunziro ena? Ndaonanso kuti sukuluyi imati inayamba mu 1789, chaka chomwechonso chimene yunivesite ya Georgetown imatchula. Kodi ndi sukulu imodzi kapena ziwiri? Amene mukudziwa, tithandizeni.

Mphunzitsi Wopuma:
Achimwene, si seminale ayi, ngakhale kuti eni ake ndi ansembe a chipani cha Ajezwiti. Ku America, sukulu yotchedwa "prep" ndi sekondale yoyima payokha imene ntchito yake ndi kukonzekeretsa ana kukalowa kuyunivesite, ndipo pa Georgetown Prep anyamata amakhalapo zaka zinayi, kuyambira giredi 9 mpaka giredi 12. Chisokonezo chimadza chifukwa ku Britain mawu omwewa amanena za sukulu ya ana aang'ono, amene amachokapo ali ndi zaka 11 kapena 13 kupita kusekondale. Sukuluyi ili ku North Bethesda m'chigawo cha Maryland, kufupi ndi mzinda wa Washington, pa malo a maekala pafupifupi 90, ndipo ili ndi ophunzira pafupifupi 500. Ambiri amachokera kunyumba tsiku ndi tsiku, koma ena amagonera komweko, ndipo pa sukulu za Ajezwiti za ku America ndi yokhayi imene ili ndi malo ogona ana. Pa awiri mwatchulawo muonjezepo a Jerome Powell, amene anatsiriza pamenepa mu 1971 ndipo anakhala mkulu wa banki yaikulu ya dzikolo mu 2018.

Mayi Katekisiti:
Aphunzitsi anena zoona, koma pa nkhani ya 1789 pakufunika kusamala pang'ono. Amene anayambitsa Georgetown ndi bambo John Carroll, omwe m'chaka chomwecho anasankhidwa kukhala episkopi woyamba wa Baltimore. Iwo anali Mjezwiti, koma panthawiyo chipanichi kunalibe mwalamulo, popeza Papa Clement XIV anachithetsa mu 1773, ndipo chinadzabwezeretsedwa padziko lonse ndi Papa Pius VII mu 1814. Choncho kunena kuti Ajezwiti anatsegula sukulu mu 1789 ndi kufupikitsa nkhani: anali ansembe amene chipani chawo chinali chitathetsedwa, koma mtima wawo unali udakali komweko.

Chachiwiri, mu 1789 munalibe mwana ndi mmodzi yemwe m'kalasi. Wophunzira woyamba, William Gaston wa ku North Carolina, anafika kumapeto kwa 1791 ali ndi zaka 13, ndipo maphunziro anayamba kumayambiriro kwa 1792. Msinkhu wa mnyamatayu ndi umene ukuyankha funso lanu, chifukwa ukusonyeza kuti pachiyambi panalibe malire enieni pakati pa sekondale ndi koleji. Ana ndi achinyamata okulirapo ankaphunzira pa malo amodzi, pansi pa ansembe omwewo. Gawo la anyamata aang'ono linasamukira ku Maryland mu 1919, ndipo mu 1927 linapatukana ndi yunivesite mwalamulo. Lero ndi masukulu awiri osiyana, koma onse ali ndi chifukwa chomveka chotchulira 1789, monga momwe ana a bere limodzi amatchulira kholo limodzi ngakhale aliyense atamanga nyumba yake.

Mlembi Wakale:
Mayi, mwafotokoza bwino, koma ngati sukuluyi ikutenga 1789 kukhala chaka chake, iyenera kutenganso 1838. M'chaka chimenecho Ajezwiti a ku Maryland, motsogozedwa ndi bambo Thomas Mulledy, anagulitsa akapolo 272, amuna, akazi ndi ana, kwa eni minda a ku Louisiana, ndipo gawo la ndalamazo linalipira ngongole za Georgetown panthawi imene sukulu ya anyamatayi inali idakali mbali ya kolejiyo. Ambiri mwa anthu ogulitsidwawo anali Akatolika obatizidwa ndi ansembe a chipani chomwecho. Mu 2017 Ajezwiti ndi yunivesite anapepesa poyera pamaso pa zidzukulu za anthuwo. Ine sindikunena izi pofuna kunyoza aphunzitsi a lero, koma ndimaona kuti anthu akamalemba mbiri ya sukulu zotchuka amathamangira kutchula majaji ndi aphungu, n'kulumpha amene thukuta lawo linasunga sukuluyo kuti isatsekedwe.

Mphunzitsi Wopuma:
Akulu, palibe chotsutsa pamenepo. Ndingoonjeza kuti mawu amene sukulu za Ajezwiti zimakonda masiku ano, onena za kulera anyamata odzipereka potumikira ena, sanachokere kwa bambo Carroll. Anachokera kwa bambo Pedro Arrupe, mkulu wa chipanichi, polankhula kwa ophunzira akale ku Valencia m'dziko la Spain mu 1973, pomwe anavomereza kuti sukulu zawo sizinaphunzitse mokwanira za chilungamo. Omvera ena sanakondwe nazo. Funso limene bambo Arrupe anadzutsa likadali lolemera pa sukulu ngati iyi, yomwe fizi yake ndi madola zikwi makumi angapo pachaka ndipo ili ndi bwalo lake la gofu.

Wokonda Mbiri:
Zikomo nonse, tsopano ndamvetsa kusiyana kwa masukulu awiriwa. Mayi Katekisiti, ngati mungapeze mpata, mutifotokozereko mmene ansembewo ankakhalira ku Maryland pakati pa 1773 ndi 1814, makamaka za minda imene inatsala m'manja mwawo.